Chiguduli cha Maso Awiri

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, miyendo ngati ya chiwala, mutu waukulu koma wopanda kanthu, pamene anandisankha kuti ndivale chiguduli pa tsiku lokumbukira nkhondo ya ufulu muno mu Nairobi. Inde, muno. Inu a ku Runda ndi ku Spring Valley amene munatsika pa ndege ndi masutikesi amateyala mumayesa kuti Mmalawi woyamba kuponda mzinda uno ndinu. Pepani mabwana. Ife tinafika kale, pa lole ndi pa sitima, fumbi lili mbuu mpaka m'makutu, nthawi imene ku Runda kwanuko kunali minda ya khofi yokhayokha.

Bambo anga, a Phiri, anali telala. Anatsata mmwenye wina wa sitolo ya nsalu kuchokera ku Limbe, nakhala kuno okha zaka zonse za nkhondo. Dziko lino litalandira ufulu ndi pamene anabwera kudzatitenga ine ndi mayi ku Dedza. Tinkakhala m'lokesheni ina chakum'mawa kwa mzinda. Dzina lake sinditchula, chifukwa zidzukulu za anthu a m'nkhani inoyi zikadalipo, ndipo zina ndi zazitali kuposa ine. Nyumba zake zinali zamdadada, chipinda chimodzichimodzi, mpopi umodzi pakati. Bambo ankasokera pakhonde. Anthu ankawatcha Fundi, kutanthauza mmisiri, ndipo ine ankangonditcha Kanyasa, kamwana ka ku Nyasaland, ngati kuti dzina loti Lufeyo limene anandibatiza nalo linagwa m'sitima.

Za nkhondo bambo sankanena. Ndinazimvera kwa ana anzanga kumpopi. Akuti asilikali a atsamunda ankazinga lokesheni yonse ndi waya waminga, amuna onse n'kuwanjutitsa pansi, manja pamutu. Kenaka pankabwera munthu wovala chiguduli kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, chobooledwa timabowo tiwiri pamaso. Munthuyo anali wa m'lokesheni momwemo, wodziwa amene ankatumiza chakudya ndi zipolopolo kwa anyamata omenyera ufulu a kunkhalango. Sankayankhula, poopa kuti angam'zindikire mawu. Ankangoyenda pamzere, akaima pa iwe n'kugwedeza mutu, basi wakwera lole. Ambiri amene anakwera sanabwerenso. Ndipo nkhondo itatha, ovala ziguduli aja sanapite kumwamba ayi. Anavula, n'kusamba, n'kukhala pakati pa anzawo. Palibe ankadziwa kuti ndi ati. Aliyense ankangoganizira mnzake.

Ine nkhani imeneyi inkandikomera ngati nthano. Musandiweruze, ndinali mwana, ndipo sukulu ndinalekeza sitandade folo, moti nzeru zinandipeza mochedwa, zina mpaka lero zikadali m'njira.

Chaka chimenecho mphunzitsi wathu, Mwalimu Gitau, anaganiza kuti nyimbo ndi zoyankhula za akuluakulu zakwana. Anafuna kuti pa tsiku lachikumbutso ana asukulu achite sewero pabwalo la kutsogolo kwa holo ya m'lokesheni, anthu aone ndi maso mmene zinkakhalira. Anyamata analimbirana malo. Aliyense ankafuna kukhala wa kunkhalango, wa tsitsi la khonje lodetsedwa ndi mwaye ndi mfuti yathabwa. Ena anavomera usilikali. Ngakhale malo a mzungu anapezeka mwini wake, kamnyamata kena kamatama kamene anakapaka choko kunkhope. Koma chiguduli, ayi. Mwana aliyense amene Mwalimu anamuloza, m'mawa mwake kunkabwera mayi ake kusukulu, nsalu ili m'chiuno, kudzafunsa kuti banja lawo lalakwa chiyani.

Ndiye tsiku lina Mwalimu anatulukira pakhonde pathu, chiguduli chili m'khwapa. Ankayankhula Chiswahili, koma ndikuuzani m'chathu.

"Fundi, ndabwera kudzabwereka mwana."

"Mwanayu ngwaulesi, Mwalimu. Mubweza nokha."

"Ntchito yake njosavuta. Angoyenda, agwedeze mutu, abwerere. Wa kuno sangavale, anthu adzati watengera kumtundu. Koma uyu alibe fuko kuno, alibe agogo ake amene angawanenere. Ndi mlendo."

Bambo analeka kupalasa makina. Anayang'ana chigudulicho nthawi yaitali osachikhudza.

"Kwathu amati mlendo ndi mame," anatero. "Mame sazimitsa moto, Mwalimu, komanso sayenera kuusonkhezera."

Koma ine ndinali nditayamba kale kudumphadumpha kumbuyo kwawo ngati mbuzi yaona mchere, ndipo Mwalimu anali munthu wolemekezeka, amene mayunifolomu a sukulu yake ankasokedwa pa makina omwewo. Bambo anavomera. Anatenga sizasi n'kuboola okha maso awiri aja. Chimene ndinaona n'chakuti sanapinde m'mphepete mwa mabowowo. Bambo anga, munthu amene ankapinda ngakhale kansanza kopukutira makina, anasiya ulusi uli wirawira, n'kukasamba m'manja kumpopi.

Malangizo a Mwalimu anali omveka bwino, ndisawanamizire. Ndituluke kuseri kwa lole, ndiyende pamzere wa anyamata onjuta, ndigwedezere mutu okhawo omangidwa kansalu kofiira pamkono, kenaka ndibwerere kuseri kwa lole. Osayankhula. Osapita kwina.

Tsono ndikuuzeni za mnzanga. Pafupi ndi mpopi panali mtengo wa jakaranda, ndipo pansi pake pankakhala mkulu wina wosoka nsapato, Mzee Ndung'u. Anali wowonda, mano akutsogolo kulibe, wokhala yekha wopanda mkazi kapena mwana. Ine ndi iye tinkagwirizana chifukwa tonse tinali achipongwe. Ndikamadutsa ankakuwa kuti, "Kanyasa! Bwera ndikukhomere soli kumapaziko, ukutha msewu wa boma!" Ine n'kuyankha kuti ayambe wakhomera mano m'kamwa mwake. Ankaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa timisomali topindika kuti ndiwongole. Ndinali ndisanadziwe kuti akuluakulu ankamunena monong'onezana. Anabwera m'lokeshenimo nkhondo ili mkati, kwawo sikunkadziwika bwino, ndipo atatengedwa pa lole anabwerako msanga pamene anzake anakhalitsa. Zimenezi ana sitinkauzidwa. Anthu ankamupatsa nsapato, koma sankamupatsa mpando.

Tsiku linafika. Kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kopanda mphepo kumene kumachititsa agalu kubisala. Anthu anadzaza bwalo. Pa benchi yakutsogolo panakhala madoda enieni a kunkhalango, ena tsitsi lawo likadali lopotana mpaka m'mapewa, osameta chibwerereni. Mwalimu, pofuna kuti zioneke zenizeni, anabwereka lole yeniyeni ndi waya waminga weniweni. Poyamba zinkayenda bwino. Anyamata a mfuti zathabwa atatulukira, amayi analuluta. Kamzungu kachoko kataterereka n'kugwa, bwalo lonse linafa nacho chiseko. Ine kuseri kwa lole ndinkangodikira kuti nanenso andisekerere.

Anandiveka. Inu amene simunalowemo, mverani. M'chiguduli mumanunkha fumbi ndi nyemba zakale. Mpweya wako womwe umakubwerera kumaso. Ulusi umakulowa m'kamwa ndi m'mphuno. Dziko lonse limachepa n'kukhala timabowo tiwiri, ndipo kuti uone kumbali uyenera kutembenuza mutu wonse pang'onopang'ono ngati kadzidzi. Koma chachikulu n'chakuti iwe ukuona aliyense, pamene iweyo palibe akukuona. Zimenezo zimakoma. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, zimakoma moopsa.

Nditatuluka, chiseko chinaduka ngati wachidula ndi mpeni. Kunangoti zii. Ndinamva mapazi anga okha pafumbi, ndi mwana wina wakhanda akulira chapatali mpaka mayi ake anam'tseka pakamwa ndi bere. Ndinayenda pamzere, n'kugwedezera a nsalu zofiira aja. Asilikali anawakokera ku lole akukuwa monga tinaphunzirira. Palibe anaomba m'manja. Palibe anaseka.

Apa ndi pamene Uchewa wanga unandipusitsa. Ine ndisanabwere kuno ndinali nditaonera gule ku Dedza, mozemba, amalume atandibereka paphewa bambo asakudziwa. Ndinkadziwa bwino kuti chilombo chikalowa m'bwalo sichikhala pamalo amodzi ngati chitsa. Chimathamangira oonerera, amayi n'kubalalika akukuwa ndi kuseka, ana n'kugwerana, kenaka onse n'kubwereranso akuimba. Mantha ake ndi okoma, ndi amene anthu amadzera. Ndiye m'mutu mwangamo ndinati: anthuwa akhala chete chifukwa gule wanga wazizira. Mwalimu sadziwa za zigoba. Ndiwaonetse mmene timachitira kwathu.

M'malo mobwerera kuseri kwa lole, ndinawerama pang'ono, n'kulumpha waya pamene unali wotsika, n'kulunjika kwa anthu.

Sanathawe. Akanathawa bwenzi zili bwino. Anangofutukira m'mbuyo mwakachetechete, n'kunditsegulira njira ngati madzi. Maso onse pansi. Bambo wina wonenepa, wa sitolo, wovala jekete, ndinangoona wanjuta pafumbi, manja ake akukwera okha kupita pamutu. Pambali pake wina anachita chimodzimodzi. Amuna aakulu, a ndevu zaimvi, kunjuta pamaso pa mwana wosavala nsapato! Maganizo ena anandiuza kuti bwerera. Koma ndinali nditalowa kale pakati, ndipo manyazi obwerera opanda wondiseka anandikankha. Ndinati ndipeze munthu mmodzi yekha wodziwa nthabwala, aseke, ena atsatire.

Ndinam'peza kumapeto, ataima payekha, chipewa chili m'manja. Mnzanga Mzee Ndung'u. Ndinaima patsogolo pake. Ndinapendeketsa mutu uku ndi uku ngati ndikumuyeza, kudikira kuti anene za mapazi anga, pakuti ankawadziwa kuposa mayi anga. Sananene kanthu. Ndiye ine, pofuna kumaliza nthabwala, ndinamugwedezera mutu, pang'onopang'ono, mwaulemu wake.

Chipewa chinagwa m'manja mwake.

Mawu oyamba anachokera kwa Mama Wairimu, mayi wogulitsa makala, amene mwamuna wake anakwera lole osabwerako. Sanakuwe. Anayankhula ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kalekale.

"Chamudziwa," anatero. "Chiguduli chamudziwa mwini wake."

Mawuwo anayenda m'khamumo ngati moto wa lupsa. Wina anati mwanayu wauzidwa ndi Mwalimu, Mwalimu waona mapepala a boma. Wina anati ayi, mwana wachilendo sanganame, amutuma ndi akufa. Amene ananjuta aja anadzuka, ndipo manyazi awo anasanduka ukali. Njira imene ananditsegulira ija inatsekeka. Kudzera m'timabowo tanga ndinaona miyendo yokhayokha ikusendera, ndi dzanja lina likutola mwala. Mwalimu ankaimba wezulo kutsogolo uko, koma inkamveka ngati kambalame. Mzee sanathawe, sanakane. Anangoima, maso ali pa ine, pa mabowo awiri aja.

Kenaka dzanja linandigwira pakhosi n'kuzula chiguduli mwamphamvu mpaka khutu langa linachucha magazi. Kuwala kunandimenya kumaso. Kwathu chilombo sichivulidwa pagulu, ndi mlandu waukulu, ndipo ine ndinamva ngati andivula kabudula pamsika. Anali bambo anga. Anandinyamula m'khwapa n'kundikweza m'mwamba ngati katundu wa pa okushoni.

"Muoneni!" anakuwa m'Chiswahili chawo chokhotakhota. "Ndi wanga uyu! Wamamina uyu! Nkhondo yanu ikuchitika anali asanamere mano, ali ku Nyasaland. Akudziwa chiyani? Iwe, auze! Wam'gwedezeranji mutu mkuluyu?"

Ine ndikulira, mamina ali chuchuchu, ndinati, "Ndi mnzanga. Ndimafuna aseke."

Ena anatsitsa manja. Koma mwala uja sunagwe pansi, ndinauona. Amene anathetsa zinthu anali mmodzi wa madoda a pa benchi, wa tsitsi lopotana, wotsimphina. Anayenda mosafulumira mpaka pakati, n'kuyang'ana Mzee kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Osati lero," anatero. "Pali ana."

Anthu anabalalika. Koma inu mwamva mmene ananenera. Sanati mkuluyu ngosalakwa. Anati osati lero.

Kunyumba ndinakonzeka kukwapulidwa. Ndinavaliratu makabudula awiri. Bambo sanatenge lamba. Anatenga nsapato zawo za kutchalitchi, zakuda, zimene ankazipukuta Loweruka lililonse ngati mwana, n'kulowetsa mpeni pansi pake, n'kukanganula soli yonse. Mayi anagwira pakamwa.

"Mawa ukaweruka upite nazo kwa Mzee," anatero. "Usakazisiye. Ukakhale pambali pake mpaka amalize. Unamuloza nkhope yako itabisika. Tsopano ukakhala naye nkhope ili poyera, aliyense akuone."

"Nanga akandimenya?"

"Akakumenya ndiye kuti wakukhululukira. Pita."

Ndinapita. Pansi pa jakaranda panali zii. Mulu wa nsapato umene unkakhala pambali pake unali utatha, eni ake anadzatenga zosasoka zomwe. Mzee analandira nsapato za bambo osandiyang'ana, n'kuyamba kukhoma. Ine ndinakhala pa kachitini. Amayi opita kumpopi ankazungulira patali, ena n'kulavula. Tsiku lotsatira bambo anang'amba nsapato za mayi. Kenaka sandasi zawo zakale. Zathu zitatha, anayamba kubwereka kwa Anyasa anzathu a kutchalitchi, n'kumazing'amba usiku uliwonse mwaluso, moti Lamlungu lina theka la kwaya linaimba lili ndi soli zatsopano lisakudziwa chifukwa chake. Sekani pamenepo, chifukwa kutsogoloku kulibe poseka.

M'mawa wina tinapeza kanthu kakulendewera panthambi, pamwamba penipeni pa benchi yake. Kanali kachiguduli kakang'ono, kobooledwa maso awiri. Mzee anakayang'ana, sanakachotse. Anakhala pansi pake n'kumagwira ntchito, iko kakuzungulira ndi mphepo pamutu pake.

Tsiku limenelo ndi pamene anandiyankhula koyamba chichitikireni zija. Anali ndi misomali pakamwa, maso ali pa nsapato.

"Kanyasa."

"Wawa."

"Mumatentha mkati muja, eti?"

Ndinavomera ndi mutu, kenaka ndinachita mantha ndi mutu wanga womwe, n'kuyankha ndi pakamwa kuti inde.

"Ulusi umalowa m'mphuno," anatero. "Umafuna kuyetsemula, koma sungayerekeze. Umakanikiza lilime kumwamba kwa kamwa mpaka zitapita." Anakhoma msomali. "Ukanandifunsa, ndikanakuuza."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinathamanga mpaka pakhonde, mawu akupunthana m'kamwa.

"Bambo, ndi iyeyo! Akudziwa za mkati! Anavalapo!"

Bambo anandikokera m'nyumba n'kutseka chitseko. Sindinawaonepo nkhope yotero.

"Wauza ndani?"

"Palibe."

"Tamvera, Lufeyo. Ine ndinalipo. Ndinkaona ndi maso angawa, ndili pakhonde la mmwenye. Olozera anzawo ankavala ziguduli, n'zoona. Koma ogwidwa ena, powatengera kokawafunsa, ankawavekanso matumba kumutu kuti asaone njira, ndipo woyetsemula kapena kutsokomola ankalandira chidendene cha mfuti. Onse awiri akudziwa fungo la mkati. Iwe ukudziwa kuti mkuluyu anavala chiti?"

"Ayi."

"Inenso ayi. Mama Wairimu nayenso sakudziwa, ngakhale mtima wake ukufuna kudziwa. Unagwedeza mutu kamodzi usakudziwa kanthu. Ukufuna kugwedezanso ndi pakamwa?"

Anandibweza kukatenga nsapato zija. Ndinapita, ndipo ndinakhalanso pa kachitini kaja, pafupi ndi munthu amene mwina anaperekera anzake ku imfa, mwinanso anazulidwa mano chifukwa chokana kuwapereka.

Sipanapite nthawi, doda wotsimphina uja anabwera pakhonde pathu ndi malaya oti aikidwe batani. Batani lake linali lolimba bwinobwino. Anakhala, nayamikira makina, nafunsa za mvula ya kwathu. Ponyamuka anati, "Fundi, mwana wako amakonda mthunzi wa jakaranda. Loweruka likubwerali asakakhaleko. Nthambi zake zaola."

Atachoka, bambo anavala jekete n'kupita okha kwa Mzee. Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Koma Lachisanu m'mawa, dzuwa litatuluka ndithu, anthu ali pamzere kumpopi, anandidzutsa kuti tiperekeze Mzee ku siteshoni. Mayi anati bwanji osadzera kuseri, kunjira ya kumanda, kusanache. Bambo anakana. Anati wozemba mumdima amakumana ndi anthu opanda nkhope, koma pamsewu masana aliyense ali ndi dzina.

Tinadzera pakati penipeni pa lokesheni. Bambo anasenza bokosi lake. Ine anandipatsa chitsulo chokhomerapo nsapato, cholemera ngati tchimo, n'kundiika pakati pa awiriwo. Zitseko zinkatseguka chimodzichimodzi. Anyamata ena anatitsatira chapatali, manja ali m'matumba, ndipo ndinkamva mapazi awo akamafulumira ife tikafulumira. Bambo ankapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, mokweza, ngakhale kwa anyamatawo: uje mwana wa uje, wadzuka bwanji, mayi ako ali bwanji. Wotchulidwa aliyense ankayang'ana kumbali. Pa mulu wa makala Mama Wairimu anaimirira, manja akuda bii. Anayang'ana Mzee, Mzee anayang'ana iye. Ndinayesa kuti mmodzi anena kanthu. Tinadutsa.

Pa siteshoni Mzee analandira chitsulo chake. Anayang'ana mapazi anga ofumbira.

"Soli ija sindinakukhomere," anatero. Anafuna kuseka koma chinatuluka chifuwa. Anakwera sitima yopita kumtunda, ndipo sindinamuonenso kapena kumva za iye. Loweruka benchi yake inatenthedwa, pamodzi ndi mbali imodzi ya jakaranda. Pa benchipo panalibe munthu.

Pobwerera kuchokera ku siteshoni kuja ndi pamene bambo anandifunsa chimene chinandilumphitsa waya. Ndinaulula za gule wa ku Dedza, za amalume, zonse. Ndinayesa kuti tsopano lamba wafika. Iwo anangopukusa mutu.

"Kwathu gule amavinira akufa amene anaikidwa, analiridwa, anametedwa. N'chifukwa chake amayi amathawa akuseka. Kuno anthu ambiri sanaone manda a abale awo. Wolira ndi wom'liritsa akutunga pa mpopi umodzi, sakudziwana. Iwe unalowa ndi gule pamaliro amene sanathe."

Tsopano ndakalamba. Ndinabwerera kumudzi, ndinakwatira, ndinalima fodya mpaka msana unakana, ndipo mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito kubungwe lina la maiko ku Gigiri, ananditenganso kudzakhala naye kuno ku Madaraka kuti ndizimwa mankhwala pa nthawi yake. Mzindawu masiku ano umakonda kukumbukira. Pa masiku achikumbutso ana a sukulu ndi a kuyunivesite amavala zikopa ndi tsitsi logula, n'kumayendetsa alendo m'malokesheni akale, wina ali ndi maikolofoni patsogolo: apa ndi pamene ankasonkhana mobisa, apa ndi pamene panaima malole. Ndi ntchito yabwino, sindikunyoza. Mwana wosadziwa kumene ufulu unachokera amaugulitsa motchipa. Ndipo chiguduli chikadalipo. Chimatuluka kumapeto, chosokedwa bwino tsopano, maso ake opindidwa ndi makina, alendo n'kukweza mafoni.

Ine sindiyang'ana chigudulicho. Ndimayang'ana kumbuyo kwa khamu, kumene kumaima nkhalamba ziwiri zitatu zosajambula, ndi zidzukulu zimene zinakula zikumva kuti banja lakutilakuti ndi la anthu aja. Mlandu suola, ndipo mlandu wopanda mwini ndiye woopsa kwambiri, chifukwa umangoyendayenda kufuna pogona. Ndili mwana ndinkaganiza kuti khamu lija linakhulupirira ine. Pano ndikudziwa kuti silinkasamala kuti m'chigudulimo muli ndani. Linali litasankha kale munthu wake, wopanda m'bale, wopanda kwawo, ndipo linkangodikira mutu uliwonse ugwedezeke, ngakhale wa mwana wamamina wa ku Dedza. Zakale zikamaseweredwa pamaso pa eni ake si sewero, ndipo wobisa nkhope, ngakhale akuchita nthabwala, wanyamula chinthu chimene sangachibweze.

N'chifukwa chake ndili ndi khalidwe limodzi limene mwana wanga amachita nalo manyazi. Chiguduli chikayamba kusendera kwa oonerera, pakuti ana a masiku ano nawonso amafuna kuopseza anthu kuti zikome, ine ndimadzuka ndi ndodo yanga n'kuima panjira pake. Ndimafunsa mokweza, kuti a kumbuyo amve: "Iwe, dzina lako ndani? Ndiwe mwana wa yani?" Wa maikolofoni amakwiya, amati Mzee mukuwononga sewero. Ine sindisuntha. Ndimadikira mpaka mkatimo mutatuluka timawu tamanyazi, totchula dzina ndi sukulu. Likamveka dzina, mapewa a nkhalamba zija amatsika, ndipo ine ndimakhala pansi.